Mwini hadikava: mbiri ya mlembi wa timu yemwe salandira kanthu

Pa bwalo lililonse la mpira m'boma la Neno, kaya ndi ku Ligowe, ku Kambale, ku Lisungwi kapena pa Zalewa, pamakhala munthu mmodzi yemwe saonera mpira. Anthu onse maso ali pa osewera, iye maso ali pa kope. Wapanira jumbo kukhwapa, ndipo m'jumbomo muli hadikava yoda m'mbali ndi thukuta, bolopeni yotafunidwa kumutu, ndi wezulo wapadera kuopa kuti oyimbira angabwere chimanjamanja. Chigoli chikalowa anzake amakhamukira m'bwalo fumbi lili koboo, iye amasuzumira nthawi pa foni n'kulemba. Mpira ukatha, ena akadali pa mkangano wa penate, iye ali pansi pa mtengo kuwerenga majezi, ndipo sipalephera imodzi yosowa.

Ameneyu ndiye mlembi wa timu. Ena amamutcha sekilitale, ena manejala, ndipo anyamata akafuna ya sopo amamutcha bwana. Salandira malipiro, kawirikawiri ndiye amatulutsa za m'thumba mwake. Mbiri ya mpira wa dziko lino tinailemba ndi mayina a ochita zodabwitsa m'bwalo, a Kinnah Phiri, a Lawrence Waya, a Ernest Mtawali mpaka a Gabadinho Mhango, koma ya munthu wa hadikavayu palibe anaitola. Chikhalirecho udindo wake uli ndi kumene unachokera, ndipo kuti tiuone bwino tiyambe taponya maso kutali, ku dziko limene anthu a ku Neno amalidziwira m'munda.

Kumtunda kwa Neno, kwa Dambe ndi ku Nsambe, kumene kumazizira mpaka tirigu n'kulola, ndalama ya mlimi ndi kachewere. Pa Chingerezi mbatata imeneyi imatchulidwa ndi dzina la dziko la Ireland, ngakhale kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Andes ku South America. Dzinalo linamatirira chifukwa amphawi a ku Ireland ankadalira mbatatayi monga momwe ife timadalira chimanga. Chiwawu chitagwira mbewuyo kuyambira mu 1845, njala inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo enanso ochuluka chimodzimodzi anakwera zombo kuthawira ku America ndi ku Britain. Midzi inasanduka mabwinja. Anthu popita anapita nacho chiyankhulo, nyimbo ndi masewero, ndipo pakati pa masewero amene anatsala pang'ono kufa panali hurling.

Kwa amene sanaonepo, taganizirani amuna 15 mbali iliyonse, aliyense atagwira ndodo yosema yophwatalala kumapeto ngati mthiko wa pa ukwati, akumenya kampira kachikopa kofanana kukula ndi nachesi la kwathu kuno. Kakadutsa pamwamba pa mtanda wa golo ndi pointi imodzi, kakalowa mu ukonde ndi mapointi atatu. Ndi masewero akale kwambiri, otchulidwa ngakhale m'nthano zawo. Mu 2018 bungwe la UNESCO linawalemba pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lapansi, ndipo pa msonkhano womwewo, ku Port Louis m'dziko la Mauritius, analembanso gule wathu wa mwinoghe wa ku Chitipa. Ndodo ya ku Ireland ndi ng'oma ya ku Chitipa zinalowa m'kaundula sabata imodzi.

Amene anadzutsa hurling sanali osewera okha. Pa 1 Novembala 1884, amuna ochepa, mbiri imati asanu ndi awiri, anakumana m'chipinda cha hotela ya Hayes m'tauni ya Thurles, m'chigawo cha Tipperary, n'kukhazikitsa bungwe la Gaelic Athletic Association, mwachidule GAA. Woitanitsa msonkhanowo anali mphunzitsi, Michael Cusack, ndipo wapampando woyamba anali katswiri wa masewero, Maurice Davin. Dzikolo linali pansi pa ulamuliro wa Britain, umene ife unadzatipeza mu 1891, ndipo cholinga chinali chakuti mwana wa mlimi akhale ndi masewero akeake m'malo momangosuzumira a atsamunda pa mpanda. Arkibishopu Thomas Croke wa ku Cashel anavomera kukhala mtetezi wa bungwelo, ndipo matimu anayamba kumera motsata maparishi.

Pali kanthu kamodzi m'mbiri imeneyi kamene mlembi aliyense wa ku Neno angakaseke mowawa. Cusack yemweyo, woyambitsa zonse, anakhala mlembi wa bungwelo, koma zaka ziwiri zisanathe, mu 1886, anzake anamuchotsa. Anali munthu wa pakamwa poyaka, wokangana ndi aliyense, ndipo ankamudandaula kuti makalata sayankha komanso za ndalama sizikulongosoka. Bungwe linali likadali lakhanda, koma mlandu woyamba unagwera kale mwini kope.

Wachiwiri woyenera kumutchula ndi Frank Dineen, mtolankhani wochokera ku Limerick, yemwe anakhalapo wapampando komanso mlembi wa GAA. Mu 1908 bwalo la pa Jones' Road mu mzinda wa Dublin linaikidwa pa malonda, bungwe lilibe ndalama. Dineen anakongola n'kuligula m'dzina lake pa mtengo wa mapaundi 3,250, n'kulisunga mpaka 1913 pamene bungwe linapeza mphamvu zoligula kwa iye pa mapaundi 3,500. Bwalo limenelo ndilo Croke Park ya lero, yolowa anthu 82,300. Pa bwalo lomweli ndi pamene asilikali ndi apolisi a Britain anawombera anthu oonera mpira pa 21 Novembala 1920 n'kupha anthu 14, mmodzi mwa iwo wosewera wa Tipperary, Michael Hogan.

Lero GAA ili ndi makalabu oposa 2,200 pa chilumba chonsecho, ndipo wosewera salipidwa, ngakhale amene akusewera ndime yotsiriza Croke Park itadzaza thothotho. Lolemba m'mawa abwerera kukaphunzitsa, kukakama ng'ombe kapena kukagwira ntchito ku banki. Kulikulu ndi m'zigawo kuli olembedwa ntchito, koma pa kalabu ya pa parishi zonse zili m'manja mwa odzipereka. Mlembi wa kumeneko amalembetsa mamembala kuti akhale pa inshuwalansi, amalandira ndandanda wa masewero kuchokera ku komiti ya chigawo, amayankha milandu ya osewera olandira khadi yofiira, amaonetsetsa kuti aliyense wophunzitsa ana wapimidwa kaye ndi apolisi, ndipo kumapeto kwa chaka amawerenga lipoti pa msonkhano waukulu wa mamembala. Msungichuma amayenda m'mashopu ndi m'mabala kugulitsa matikiti a mwayi a sabata ndi sabata. Nawonso amatopa, nawonso amanenedwa, ndipo pa chisankho cha kalabu mpando wa mlembi ndi umene anthu amauthawa maso ali pansi. Pali zinthu ziwiri zokha zimene zimawasiyanitsa ndi mnzawo wa ku Ligowe: mwana amasewerera kalabu ya parishi yakwawo, sasamukasamuka chisawawa, ndipo makalabu ambiri bwalo ndi lawolawo, losungidwa ndi matrasti m'dzina la bungwe. Mlembi akatopa kapena akamwalira, bwalo, malamulo ndi mabuku zimatsala.

Kwathu kuno njira inali ina. Mpira unabwera ndi amishoni a ku Scotland, a ku Blantyre ndi ku Livingstonia, komanso akuluakulu a boma la atsamunda ndi asilikali. Azungu anali ndi makalabu awo, monga Blantyre Sports Club ya mu 1896, kumene munthu wakuda ankalowa ngati wantchito basi. Kwa ife mpira unalowera pa khomo la sukulu. Ku Neno ansembe a Montfort anatsegula mishoni mu 1906, a Seventh-day Adventist anakhazikika ku Matandani mu 1908, ndipo kulikonse kumene kunamangidwa sukulu kunalambulidwanso bwalo. Mlembi woyamba wa mpira wa kumudzi anali mphunzitsi, pa chifukwa chosavuta: ndiye anali ndi pepala, ndiye ankasunga mpira m'kabati, ndiye akanatha kulemba kalata yopempha masewero ku sukulu ya tsidya lina la mtsinje, mwana n'kuipititsa wapansi.

Koma luso la komiti silinachokere ku mpira. Linachokera ku mpingo, kumene kunali mlembi wa bwalo la akulu ampingo ndi buku la chopereka. Linachokera ku mabungwe a anthu akuda, monga North Nyasa Native Association ya mu 1912, imene mlembi wake anali Levi Mumba, yemwe anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Linachokeranso ku magule. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, beni, malipenga ndi mganda zinafala, ndipo gulu lililonse linali ndi maudindo ake, yunifomu yake, zosonkhasonkha zake, ndi maulendo okapikisana ndi mudzi wina, alendo n'kuphikiridwa. Mukayang'anitsitsa timu ya mpira ya kumudzi lero, ndi gulu la gule lomwe lija: wapampando, mlembi, msungichuma, woona za mwambo, ulendo wa kumudzi wina ndi nsima ya alendo. Anthu anali atadziwa kale kuyendetsa kalabu mpira usanafike pakhomo pawo.

Ufulu utabwera mu 1964, mpira wa pamwamba unatenga njira imene GAA inaikana. Bungwe la Football Association of Malawi linakhazikitsidwa mu 1966. Wanderers inali itayamba kale mu 1962, ndipo mu 1967 osewera ena anapatuka n'kuyambitsa Bullets. Posakhalitsa timu iliyonse yodziwika inavala dzina la kampani kapena nthambi ya boma: Bata Bullets, Yamaha Wanderers kenako Limbe Leaf Wanderers, Admarc Tigers, Hardware Stars, MDC United, Sucoma, Dwasco, Civo ya ogwira ntchito m'boma, Red Lions ya asilikali ku Zomba, Silver Strikers ya Reserve Bank kuyambira 1977. Wosewera ankapatsidwa ntchito pa kampanipo, basi ya ulendo inali ya kampani, ndipo mlembi wa timu anali kalaliki wa pa ofesi, wogwiritsa ntchito taipi ndi lamya ya abwana. Zipatso zinaoneka, tisakane. Timu ya dziko inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978, mu 1979 ndi mu 1988, inafika ku African Cup of Nations mu 1984, ndipo Super League inayamba mu 1986.

Nanga kumene kulibe kampani? Neno nthawi imeneyo inali chigawo chabe cha boma la Mwanza, kuseri kwa mapiri a Kirk Range, msewu wake wa fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Magetsi ambiri a dziko lino ankachokera pa Nkula ndi pa Tedzani, pa mtsinje wa Shire m'malire mwenimweni mwa dera lino, koma timu ya ESCOM inali ya ku Blantyre. Mpira waukulu unkafika kuno pa wailesi ya MBC, mawu a anthu ngati Steve Liwewe Banda akutuluka mu Nzeru ya mabatire anayi pakhonde la golosale. Anyamata akamva, ankapita kukamenya chikulunga chomanga ndi luzi, aliyense atadzipatsa dzina la katswiri wa ku Blantyre. Mpira wachikopa unkabwera ndi mphunzitsi, ndi wansembe, kapena ndi malume obwera ku Wenela ndi ku Salisbury. Boma linali ndi dzanja lake kudzera mwa a Malawi Young Pioneers, amene anali ndi malo ophunzitsirako konkuno ku Neno, ndipo zamasewero za achinyamata zinkayendera limodzi ndi perete ndi zikondwerero za chipani. Asilikali atalanda zida za apayoniya mu Disembala 1993, dzanja limenelo linachoka. Malo aja lero ndi ophunzitsirako achinyamata ntchito zaulimi ndi zamanja.

Zaka zotsatira, makampani a boma atayamba kugulitsidwa ndipo ena atayamba kuwerengera tambala iliyonse, matimu aja anayamba kugwa mmodzimmodzi. Hardware Stars, MDC United, ngakhale ESCOM United imene inatengapo ligi, lero ndi mayina a pa macheza a akuluakulu. Mpata umene makampani anasiya analowamo andale. Chitsanzo chachikulu ndi Bullets, imene itatchedwa Bakili Bullets inafika ndime ya magulu ya CAF Champions League mu 2004, kenako thandizo litaphwa inabwerera ku mbale yopemphetsa. Kumudzi chithunzi chomwecho chinabwera chaching'ono, ndipo dzina lake ndi bonanza.

Bonanza aliyense amaidziwa. Chisankho chikayandikira, wofuna mpando amatulukira ndi mipira, majezi a mtundu wa chipani chake ndi chikho chonyezimira. Matimu amene anagona zaka zinayi amadzuka usiku umodzi. Sindinyoza, mipira imeneyo ndi imene ana amasewera nayo mpaka kung'ambika, ndipo pali midzi imene jezi inaionera pa bonanza. Koma taonani yemwe amasenza katundu. Wandale amabwera tsiku lotsegulira ndi tsiku lotsekera. Pakati ponsepo ndi mlembi amene amakhala pa dzuwa kukonza ndandanda, kusaka oyimbira, kuweruza madandaulo a timu imene ikuti anzawo anabweretsa aganyu ochokera ku Mwanza kapena tsidya la Mozambique. Mphoto ikachedwa, anyamata sapita kunyumba ya wandale ku Blantyre. Amapita kwa mlembi, amene nyumba yake akuidziwa. Mavoti akawerengedwa, chikho chimakakhala pa kabati ya wina, ndipo mlembi amatsala ndi ngongole ya mwini lole.

Mu 2003 Neno inakhala boma palokha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 138,291 m'madera a mafumu Dambe, Chekucheku, Mlauli ndi Symon. Kukhala boma kunabweretsa ofesi ya zamasewero ndi komiti ya mpira ya pa boma, imene ili pansi pa Southern Region Football Association. Pa nthawi ya Bingu wa Mutharika kunabwera chikho cha pulezidenti choyambira m'maboma, ndipo mu 2023 kunayamba Castel Challenge Cup imene nayo imayambira pansi, mwakuti pa pepala timu ya ku Magaleta ikhoza kudzakumana ndi Bullets. Chaka chomwecho, mu Disembala, Fleetwood Haiya analowa pa mpando wa FAM m'malo mwa Walter Nyamilandu yemwe anakhalapo kuyambira 2004. Makwerero tsono alipo. Koma mpaka lero Neno sinakhalepo ndi timu mu Super League, ndipo amene wayendapo msewu wa kwa Dambe mvula itagwa safunsa chifukwa chake. Ligi ya chigawo imafuna ulendo sabata ndi sabata, ndipo ulendo uliwonse umayamba ndi funso limodzi kwa mlembi: galimoto ilipo?

M'zaka zomwezi liwu loti "wodzipereka" linasintha tanthauzo. Mabungwe atachuluka m'dziko muno, volontiya anakhala munthu wa tisheti, njinga ndi alawansi ya pa semina. Ku Neno bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene linafika mu 2007, limapereka kangachepe kwa azaumoyo a m'midzi, ndipo nzoyenera, pakuti ntchito yosamala odwala si yochita ndi mimba yopanda kanthu. Koma pakati pa odzipereka onse a m'mudzi, wa mpira ndiye watsala wopanda semina. Palibe amamuitanira ku hotela ku Liwonde kuti akaphunzire kusunga mabuku a timu. Zimene akudziwa anazitola ku kwaya, ku komiti ya sukulu kapena ku banki m'khonde.

Tiyeni timutsatire sabata imodzi. Lolemba akulemba chindapusa cha amene sanabwere ku masewero a dzulo, podziwa kuti palibe adzapereke. Lachiwiri akupita kwa ahedi kukapempha bwalo, chifukwa bwalolo ndi la sukulu, ndipo ahedi akumukumbutsa za zenera limene mpira unaswa chaka chatha. Lachitatu wakwera pa chulu kusaka netiweki kuti agwirizane tsiku ndi mlembi mnzake. Apa pali masamu amene a ku Blantyre sawadziwa. Loweruka silingatheke ngati theka la osewera ndi a Sabata, ndipo kufupi ndi Matandani zimenezi si nthabwala. Lamulungu m'mawa ena ali ku Misa, ena ku CCAP. Tsiku la msika goloboyi ali pa malonda a manachesi. Ndipo zonse zikalongosoka, mbiri ya maliro ikamveka m'mudzi, mpira wafa; palibe wezulo amalira mfumu isanalole. Lachinayi akuyenda khomo ndi khomo ndi kope la zosonkha. Lachisanu akusoketsa mpira kwa wosoka nsapato, ndipo mkazi wake akuchapa majezi ndi sopo wa m'nyumba, nkhope ili gwaa. Tsiku la masewero walawirira ndi khasu ndi phulusa kukajambula mizere, ndipo wapeza mtanda wa golo wina anasandutsa nkhuni.

Pamwamba pa zonsezi pali nkhani imene salemba m'kope. Akuluakulu ena a timu amabwera madzulo n'kunong'ona kuti masewero a mawa ndi ovuta, pafunika "kukonza bwalo". Mlembi ngakhale akhale mkulu wampingo, ndalama ya kwa asing'anga idzachokera m'thumba lomwelo la timu, ndipo pa lipoti idzalembedwa kuti "zina ndi zina". Akakana timu n'kugonja, wagonjetsa ndi iye.

Ine hadikava ndinaigwirako chaka chimodzi, ndili mnyamata, ndipo chimene chinandichotsa pa mpando ndi mbuzi. Tinapambana kachikho ka m'dera, mphoto yake mbuzi yamoyo. Osewera anati iphedwe tsiku lomwelo. Komiti inati isungidwe iswane, timu idzakhale ndi khola. Masapota anati popanda mawu awo chigoli sichikanalowa, choncho chiwindi ndi chawo. Poti panalibe pogwirizana, mbuzi inakagona kwathu, ndipo pofika sabata yachiwiri mudzi wonse unkadziwa kuti sekilitale wadya mbuzi ya timu, chikhalirecho ikulira kuseri kwa nyumba, ikudya chinangwa cha amayi. Anthu amati mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo mwambi umenewu amaunena akuyang'ana mwini kope, kaya wadya kaya sanadye. Ena amadyadi, tisabise. Ndalama ya majezi yathera pa kachasu m'midzi yambiri. Koma poti palibe malamulo olembedwa, palibe msonkhano wa pachaka, palibe wowerengera mabuku, wakuba ndi wokhulupirika amatuluka ndi mbiri imodzi.

Apa ndi pamene ndimaona kuti a ku Ireland anatiposa, ndipo sanatipose mtima. Mlembi wa ku Kambale amapereka gawo lalikulu la zimene ali nazo kuposa mnzake wa ku Ireland. Anatiposa pomumangira munthu wodzipereka nyumba yoti agwiriremo ntchito. Kwathu timu ndi munthu. Bwalo ndi la sukulu kapena la mfumu, ndipo chaka chilichonse m'mbali mwake mumadyedwa ndi mizere ya chimanga. Tsiku lina mudzapeza pakati pa bwalo pathiridwa njerwa za kalasi yatsopano, ndipo palibe angatsutse, pakuti kalasi ndi yofunikadi. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linatsegula khomo loti malo otere azilembetsedwa, koma timu yopanda malamulo ake olembedwa ilembetsa m'dzina la yani? Dineen anagula bwalo m'dzina lake podziwa kuti kumbuyo kwake kuli bungwe loti lidzalandire. Wathuyu akagula mitengo ya magolo, kumbuyo kwake kuli mkazi wake yekha, akufunsa za feteleza.

Pali vuto limodzi limene awiriwa angamvane popanda womasulira. Midzi ya kumadzulo kwa Ireland ikutha achinyamata, amene akupita ku Dublin, ku London ndi ku Australia, mwakuti maparishi ena amene anali pa chidani cha mpira kuyambira kalekale aphatikiza matimu a ana kuti akwane 15. Ku Neno mlembi amalera mwana kuyambira pa chikulunga, ndipo akangofika poti n'kudalirika kutsogolo, mumva kuti wakwera basi pa Zalewa kapena wadutsa pa chipata cha Mwanza, wapita ku Joni. Hadikava ya zaka zisanu ikatsegulidwa, theka la mayina lili ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Komabe a ku Joni omwewo ndiwo asanduka kampani ya timu. Pa gulu la WhatsApp amafunsa zigoli mpira usanathe, amakalipira kochi ali kutali, ndipo Khirisimasi ikayandikira amasonkherana n'kutumiza majezi pa basi kapena ndalama pa foni. Airtel Money ndi Mpamba zamuthandizako mlembi, chifukwa uthenga wa pa foni ndi umboni woti angaonetse. Chiphaso cha unzika, chimene chinayamba ndi kalembera wa 2017, chachepetsako mikangano ya zaka, ngakhale mwana wa zaka 17 wandevu zake sanatheretu m'mipikisano ya achinyamata.

Za amayi ndanena mochedwa, monga momwe mabonanza amachitira. Ku Ireland amayi ali ndi mtundu wawo wa hurling wotchedwa camogie, umene bungwe lake linayamba mu 1904. Kwathu ntchemberembaye ndiyo yatitchukitsa kunja kuposa mpira wa amuna: Queens inafika pa nambala 5 pa dziko lonse mu 2007, ndipo mayina a Mary Waya ndi Mwawi Kumwenda amadziwika kumene a Flames sanamvekeko. Mu mpira wamiyendo, Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera kumudzi ku Rumphi, pa mabwalo ofanana ndi a kwa Chekucheku. Koma pa bonanza mphoto ya atsikana imakhala yochepa, ndipo bwalo lawo ndi kangodya ka kumapeto, zigoli zake mitengo iwiri ya bulugamu ndi mikombero ya njinga. Mlembi wa timu ya atsikana ali ndi ntchito ina imene wa anyamata alibe: kugogoda pakhomo pa makolo kukalonjeza kuti mwana abwera dzuwa lisanalowe, ndi kufufuta m'kope dzina la woponya zigoli amene wakwatiwa ali Fomu 2. Ndipo matimu ambiri a amuna, akatopa ndi kusowa kwa ndalama, thumba amakapereka kwa mayi wa ku banki m'khonde, amene bokosi lake lili ndi maloko atatu.

Frank Dineen anamwalira mu 1916, patangotha zaka zitatu chiperekereni bwalo lija. Dzina lake linadzaikidwa pa mbali imodzi ya Croke Park mu 2006, patapita zaka 90.

Ku Neno mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, mpira umayamba kuzilala. Osewera ali ku munda, Lisungwi ndi Wamkulumadzi zadzaza, lole singakwere mtunda wa kwa Dambe. Bwalo limamera udzu ndipo ng'ombe za amfumu zimalowamo. Mlembi amachapitsa majezi komaliza, amawapinda m'thumba la feteleza, amaphwetsa mpira kuti ungaphulike, n'kuika hadikava pamwamba pake, thumba lonse pansi pa bedi. Pa tsamba lomaliza pali mayina a amene sanamalize kusonkha, ngongole ya mwini lole, ndi mzere umodzi wa jezi nambala 9 imene inapita ku Joni ndi mwini wake.